Filimoni Wasiya Mowa

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno tilipo, tikukankha masiku monga munatisiyira. Ndine Esinati, mwana wanu woyamba. Ndayamba ndadzitchula dzina chifukwa munkatisokoneza mayina tili pamaso panu pomwe, nanji tsopano patapita zaka.

Mvula chaka chino inagwa bwino, koma feteleza wakwera mtengo moti tinangothira munda wakumtunda wokha. Chimanga chalowa m'nkhokwe. Sichinadzaze, komabe sitipempha kwa munthu. Nandolo wabereka, chinangwa nachonso chilipo. Mtsinje wa Domasi unasefukira mu Febuluwale n'kukokolola theka la dimba lanu, nzimbe zija munkatikaniza zonse zinapita ndi madzi. Denga la nyumba yanu likudontha mbali ya kuchipinda. Mkamwini wanu, bambo a Malita, akuti akonza, monga akhala akunenera chichokere inu.

Mwana amene munandisiya ndili naye pakati uja anabadwa wamkazi, tinamutcha Dailesi, dzina lanu. Wayamba sitandade wani. Sukulu masiku ano ndi yaulere, ndiye ana achuluka mpaka ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Dailesi akabwerako amatiuza kuti aphunzitsi alakwitsa nyimbo. Dzina lokha tinamupatsa ndife, kukamwako anatengera yekha.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya mwana wanu Filimoni ndi mdzukulu wanu Malita. Ndiyambira kutali pang'ono, poti nkhonya za Filimoni munaziona theka lokha.

Mukukumbukira thumba la mchenga limene anapachika pa mango kuseri kwa khitchini akadali ku pulayimale. Munkalidula, iye n'kulipachikanso, mpaka munatopa n'kunena kuti, "Azimenya thumbalo, bola asiye ana a eni." Atalowa usilikali ku Zomba anakapeza anthu amene ntchito yawo inali kumuphunzitsa zomwezo. Nkhonya za masiku amenewo zinali zaulemu ndithu. Ankavala vesiti ndi chipewa chofewa chotchinga mutu, kumenyana maraundi atatu okha, belu lomaliza likalira n'kugwirana chanza. Wopambana ankalandira chikho, nthawi zina bulangete. Wotchi yapakhoma ija inachokera komweko. Idakalipo, ngakhale inaima kalekale.

Atamusankha kuti akaimire dziko ku masewero a Olimpiki, mudzi wonse unasangalala kupatula inu. Munafunsa kuti, "Ndewu amaikwerera ndege? Pa Songani Loweruka lililonse ilipo yaulere." Komabe sabata imene ankamenyayo munkatsogola ndinu kupita kwa aphunzitsi kukamvera wailesi. Woulutsa ananena mwachidule kuti mnyamata wathu wapambana nkhonya yake yoyamba. Patapita masiku anati wagonja pa mapointi kwa munthu wina wamtali wa dziko limene dzina lake linatikanika tonse. Anabwerako ndi jekete yokhala ndi mbendera pachifuwa, anthu n'kukamuchingamira kumsewu ndi nyimbo. Inu munamugwira chibwano, kumuyasamulitsa pamaso pa gulu, n'kunena kuti, "Mano onse alipo. Wapambana."

Mpaka pamenepo ndi pomwe mukudziwa.

Titakuikani, chaka cha chilala chija, sipanapite nthawi Filimoni anasiya usilikali. Anati chikho saphikira ndiwo. Ku Blantyre kunali bwana wina wokonza nkhonya za malipiro amene ankamunyengerera kuyambira kale, ndipo ndikuganiza kuti chimene chinkamuletsa kupita munali inu. Ndinamukumbutsa mawu anu aja akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anaseka n'kundiyankha kuti, "Achemwali, msilikali saopa nyerere."

Kumeneko kulibe chipewa, kulibe vesiti. Munthu amalowa m'zingwe chifuwa chili pamtunda, ndipo maraundi amafika khumi, mwina kupitirira. Poyamba zinamuyendera. Anagwetsa anzake angapo, anatenga lamba wa ukatswiri wa dziko lino pa anthu a sikelo yake, olemera ngati iye, chithunzi chake n'kumatidwa m'masitolo pa Songani. Anakwatira mkazi wa ku Thyolo amene anakumana naye ku Ndirande, n'kubereka mwana wamwamuna. Anthu ena amene sankatipatsa moni anakumbukira mwadzidzidzi kuti ndife abale awo.

Kenaka anayamba kumutumiza kunja, ku Zambia, ku Zimbabwe, mpaka ku Joni. Ine ndinkayesa ndi ulemu. Anandifotokozera yekha pambuyo pake kuti kumeneko sankamuitanira kupambana. Ankafuna munthu wa dzina, woti anapondako ku Olimpiki, kuti anyamata awo ongoyamba kumene akamugonjetsa mbiri yawo ikwere. Ndipo ankamukonda chifukwa sankagwa. Wina akamenyedwa bwino amagona pansi, refu n'kuwerenga, aliyense n'kupita kwawo. Mwana wanu ankaima mpaka belu lomaliza, owonerera n'kutuluka okhutira. Kuuma mutu kuja munkakudandaula ndi kumene kunasanduka ntchito yake.

Ndinakaonerako kamodzi kokha, mu holo ina ku Blantyre. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi amayi ogulitsa mazira owiritsa. Zambiri sindinazimvetse. Ndinangoona kuti mnzakeyo anali mwana kwa iye, ndi kuti mutu wa Filimoni unkabwerera m'mbuyo pafupipafupi. Cha kumapeto mphunzitsi wake anaponya thaulo m'zingwe, kusonyeza kuti basi zakwana. Filimoni analikankhira kunja ndi phazi, refu n'kuwasiya apitirize, holo yonse n'kuwomba m'manja. Ine sindinawombe nawo. Ndinali nditakumbatira chikwama changa, poti anali atandichenjeza za akuba.

Chaka chathachi mkazi wake anatumiza uthenga kuti ndipite. Ndinakapeza Filimoni akuyankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Dzanja lamanja linkanjenjemera akagwira kapu, ndipo podzuka pampando ankayamba wadzandira asanapeze njira. Ndinamuperekeza kuchipatala chachikulu ngati gadiyani wake. Adokotala anamuyendetsa pamzere, kumuuza kuti atsinzine n'kugwira mphuno yake, kenaka anatiuza mosabisa kuti ubongo wake wakhala ukugwedezeka kwa zaka zambiri. Anati mankhwala ake palibe, ndipo vutolo lizikula pang'onopang'ono. Nkhonya analetsa. M'minibasi pobwerera Filimoni anangondiuza kuti, "Achemwali, zimenezi zithere pakati pa inu ndi ine." Ndinavomera osafunsa chifukwa chake. Mkazi uja sanachedwe, anatenga mwana kubwerera kwawo ku Thyolo, ndipo sindimuimba mlandu kwenikweni. Filimoni anabwera kumudzi, akugona m'nyumba yanu.

Mudzi wanu mukuudziwa. Munthu akudzandira m'mawa, lilime lolemera, wachokera m'tauni, mkazi wamuthawa. Anthu sanavutike n'kuganiza. Pasanathe mwezi aliyense anali akudziwa kuti Filimoni wa ku Olimpiki watha ndi kachasu. Okhawo amene ankakana anali amayi otcheza kachasu kutsidya kwa mtsinje. Mmodzi anandiuza pa mjigo kuti, "Akanakhala kuti achimwene anuwo amamwa kwathu, bwenzi tonse titafolera malata." Koma umboni wa wotcheza kachasu amaumvera ndani? Anthu anangoti ndiye kuti amakamwera kwina. Inu mukudziwa kuti mwana ameneyu chibadwire sanalawepo ngakhale masese. Poyamba ankaopa inu, kenaka ankaopa sikelo.

Ine ndinkamva zonsezi n'kungodutsa. Munkati pakamwa pa anthu sipatsekeka ndi dzanja, ndiye sindinayese. Iye mwini ankazimva, koma sanadandaulepo. Ankalima, ankadya, Lamulungu n'kupita kutchalitchi kukakhala benchi yakumbuyo.

Tsopano Malita. Wakula, amayi, simungamuzindikire. Mnyamata wina dzina lake Jafeti, kalipentala wa pa Songani, kwawo cha ku Malemia, anamufunsira. Ndi mnyamata wofatsa, ndipo mipando yake siigwedera. Amalume ake, a Mbewe, ndi mkulu wa mpingo, munthu amene akamva fungo la thobwa logonera amasintha njira. Iwo ndiwo anabwera kudzafunsira mbeta. Kwathu kuno mukudziwa amene watsala. Alongo anu onse anakutsatirani. Bambo a Malita ndi mkamwini, pa nkhani ya ukwati wa mwana wawo yemwe amakhala pakhonde kumasema mpini. Mwini mbumba ndi Filimoni, ndiye anayenera kulandira alendowo ndi kukhala nkhoswe ya Malita.

Linali Loweruka m'mawa. Anavala jekete ya mbendera ija, yomwe tsopano imamukulira m'mapewa. Malonje anayenda bwino. Koma a Mbewe atafotokoza za tambala wawo amene waona msoti pakhomo pano, Filimoni anayesa kuyankha, mawu n'kukakamirana m'kamwa. Anabwereza chiganizo chimodzimodzi osafika kumapeto. Pofuna kuwapatsa madzi akumwa anawathira pa nsapato. A Mbewe anayang'ana dzuwa, kenaka anayang'ana iye, n'kutsazika mwaulemu.

Patatha sabata uthenga wawo unafika. Mtsikana akumufuna, mtundu wathu alibe nawo chifukwa, koma chinkhoswe sangamange ndi munthu woledzera dzuwa lisanafike paliwombo. Anawa akadzayambana m'nyumba adzathamangira kwa yani? Tipeze wina, ngakhale wachibale chakutali, apo ayi nkhani ithere pomwepo. Kunena chilungamo, funso lawolo silinali lopusa.

Malita analira. Anabwera kukhitchini n'kundiuza kuti, "Amayi, amalume angokhala pambali tsiku limodzi lokhalo, chavuta n'chiyani?" Bambo ake nawonso, kwa nthawi yoyamba chikwatirire, anapezeka ali ndi maganizo. Anakumbukira msuweni wanu wina wa ku Liwonde amene amakonda kuyankhula pa maliro ndi pa maukwati, akuti tikamuitane ameneyo. Ine ndinaona kuti tikamuchotsa Filimoni pa unkhoswe ndiye kuti tamuika m'manda akuyenda. Usilikali unapita, lamba anapita, mkazi ndi mwana anapita. Chomwe chamutsalira ndi mbumba basi. Koma kumukakamira kunali kutayitsa Malita banja, ndipo anyamata ofatsa sapezeka tsiku lililonse.

Ndinamutsatira kudimba, kumene ankakonza ngalande yomwe madzi anagumula. Ndinati, "Achimwene, ndiloleni ndikawauze a Mbewe zimene ananena adokotala. Ndi munthu wopemphera, akamvetsa. Matenda si tchimo."

Anapitiriza kukumba. "Ayi."

"Ndiye mwana alephere banja chifukwa cha kunyada kwanu?"

"Salephera," anatero. Anaima kaye, n'kutsamira khasu. "Ndipita ndekha. Amayi ankati mutu ukakula sulewa nkhonya." Anaseka pang'ono ponena zimenezo. Ine sindinaseke.

M'mawa mwake anayenda wapansi mpaka ku Malemia. Zimene zinakachitika kumeneko ndinamva kwa Jafeti, amene analipo. Akuti anamupatsa mpando Filimoni, koma iye anakhala padothi. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Bambo, munanena zoona. Ndinalakwa. Kuyambira lero mowa ndasiya. Mundipatse nthawi mpaka tikolole, mudzaone nokha." A Mbewe anakondwa kwambiri. Anapemphera naye, anamupatsa ndi nthochi zodya panjira. Mkulu wa mpingo palibe chimene amakonda kuposa nkhosa yotayika yobwera yokha, ndiye anavomera kudikira.

Ndinapsa mtima, amayi, sindibisa. Mwana amene munamulera osalawa ndi dontho lomwe, kukavomera uchidakwa pakhomo pa eni ake! Dzina lake lokha likanakhala bwino, koma ndi dzina lanunso, poti anthu anayamba kunena kuti kanthu kameneka kanayambira kumudzi konkuno. Ndinatha masiku osamuyankhula. Chakudya ndinkangomuikira pakhonde n'kubwerera.

Iye sanasamale za ine. Anayamba kukonzekera monga ankakonzekera nkhonya. Anafunsa kwa akuluakulu mawu amene nkhoswe singathawe kunena pa chinkhoswe, anachotsa zokometsera zonse, n'kutsala ndi ochepa. Anazindikira kuti lilime lake limapepuka m'mawa thupi likatenthedwa, ndi kuti akamayankhula motsatira mapazi, liwu limodzi phazi limodzi, mawu amatuluka owongoka. Ndiye m'mawa uliwonse ankatsika njira ya kumtsinje akuthamanga pang'onopang'ono, uku akunena, "Mwana uyu ndi wathu. Tamupereka ndi manja awiri. Akalakwa, bwerani kwa ine." Amayi opita kukatunga madzi ankamupatukira. Ena anati mowa wasiyadi, koma tsopano wayamba misala.

Panalinso nkhani ya manja. Mukudziwa kuti pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana nkhuku, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti, anthu onse akuona. Zala za Filimoni sizikanatha kugwira nkhuku yamoyo. Anaphunzira kuikanikiza m'khwapa ndi mkono wakumanzere, dzanja lonjenjemera lija n'kulibisa m'thumba la jekete. Anayeserera pa nkhuku zanga mpaka zonse zinkathawira kumunda zikangomuona akubwera. Apa mkwiyo wanga unatha, ndinayamba kumugwirira nkhukuzo ndine.

Chinkhoswe chinachitika mwezi wathawu, pabwalo panu. Filimoni anapempha kuti mwambo uyambe m'mawa, akuti alendo abwerere kukuwala. Alendo asanafike anathamanga kumtsinje, anasamba, n'kuvala. Zina zonse zinayenda monga mukuzidziwira. Atsikana anafunda zitenje, Jafeti n'kuvundukula olakwika mwadala kuti anthu aseke. Anamupatsa khasu ndi nkhwangwa, Malita lichero ndi mthiko. Azimayi a mbali zonse anaimbirana nyimbo zonyozana zija munkazikonda, ngakhale Lamulungu munkati ndi zachikunja.

Itakwana nthawi ya nkhuku, a Mbewe anaimirira ndi tambala wawo n'kuyankhula kwa nthawi yaitali. Atatha, maso onse pabwalo anatembenukira kwa Filimoni. Ndinadziwa kuti theka la anthu amenewo linabwera chifukwa cha zimenezi, kudzaona ngati chidakwa chathu chiti chiime. Filimoni anadzuka osadzandira, msoti uli m'khwapa. Ankasuntha pang'ono, phazi ili kenaka ili, moti wosadziwa sakanaona kanthu. Mawu anatuluka ochedwa koma athunthu, onse mpaka omaliza. Anapereka msoti, analandira tambala, nthungululu n'kuphulika. Jekete yake inali itanyowa kumsana konse. Ndinaona ine ndekha chifukwa ndinakhala kumbuyo kwake.

A Mbewe sanathe kudzigwira. Anaimiriranso n'kunena kuti, "Abale anga, munthu uyu ndinamupeza ali kapolo wa botolo. Taonani lero. Mowa ukachoka m'thupi, lilime limamasuka." Anthu anawomba m'manja. Filimoni anawerama n'kuyankha kuti, "Zikomo, bambo." Malita anayang'ana amalume ake ndi maso onyadira, poti nayenso amakhulupirira zomwezo.

Alendo atapita masana, ndinamusowa pabwalo. Ndinakamupeza kuseri kwa nyumba yanu atakhala pa mtondo wogubuduka. Manja onse awiri anali akunjenjemera, ndipo ankalimbana ndi mabatani a jekete osatha kumasula ngakhale limodzi. Ndinagwada n'kumumasulira. Pamenepo ndi pomwe ndinafunsa funso limene ndinalephera kufunsa m'minibasi muja. Ndinati, "Iwe Filimoni, chimene wasankhira dzina la chidakwa n'chiyani, pomwe choonadi chake sichochititsa manyazi?"

Lilime linali litalemeranso, moti ndinachita kusendera pafupi kuti ndimve.

"Achemwali, akadziwa kuti ndi mutu, andimvera chisoni. Andikhazika pakhonde, azindipatsa moni mokweza mawu. Mwana sangapite ndi mlandu wa m'nyumba kwa wodwala mutu." Anapuma kaye. "Koma chidakwa anthu amachiyembekezera kuti tsiku lina chidzasintha. Asiyeni andiyembekezere."

Ndinatenga jekete ija kukaiyanika.

Ukwati wa kutchalitchi ulipo mvula isanagwe. Jafeti wayamba kale kuumba njerwa kumtunda kwa nyumba yanga. Adokotala aja sananame. Sabata ino supuni yayamba kumugwa Filimoni m'manja, ndipo dzulo anaima panjira ya kudimba kwa nthawi, osadziwa kumene amapita. Posachedwa anthu ayamba kunena kuti wabwerera ku mowa. A Mbewe adzabwera kudzapemphera naye, iye adzalonjezanso kuti wasiya, ndipo ine ndidzakhala pamenepo chete monga anandipempha. Zikundiwawa, amayi, koma ndi zake, ndipo sindimulanda.

Ndauza inu nokha, kuti pakhale munthu wina wodziwa kuti mwana wanu sanalawepo. Ndikukulonjezani kuti mabatani ake ndizimanga ndi kumasula ndine, mpaka tsiku limene mudzamulandire kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Esinati